Wolumala pa gome la Mfumu: moyo ndi chikhulupiriro cha anthu opuwala ndi poliyo

Mu mpingo umene ndimapemphera muli bambo wina amene ndimawalemekeza kwambiri, a zaka zoposa 50, amene miyendo yawo inapuwala ndi poliyo asanafike n'komwe pa msinkhu woyamba sukulu. Lamulungu lililonse amadzuka anzawo akadali m'tulo, chifukwa kuvala kokha ndi ntchito. Amayamba ndi sokosi yokhuthala kuti chitsulo chisawasupule khungu, kenaka amalowetsa mwendo wamanzere m'zitsulo zochirikiza, n'kumanga lamba wachikopa pabondo ndi wina pantchafu, ndipo pomaliza amavala nsapato imene wosoka anaikweza kunsi kuti miyendo ilingane. Akatero amakwera njinga yawo ya mateyala atatu yopalasa ndi manja, ndipo nthawi ya dzinja amafika ku tchalitchi mikono ya malaya ili matope okhaokha. Kwa zaka zambiri pakhomo pa tchalitchicho panali masitepe anayi, amene ankawakwera cham'mbali, ndodo imodzi m'khwapa, dzanja lina litagwira khoma. Bambowa ndi msungichuma wa mpingo wathu, ali ndi mkazi ndi ana, ndipo pa maliro a m'dera lathu sasowa. Komabe mlaliki wachilendo akabwera, maso ake sachedwa kugwera pa miyendo ija, ndipo ulaliki usanathe mumamva akulengeza kuti lero wina ataya ndodo. Pamenepo mpingo wonse umacheukira ku benchi imodzi.

Kucheukako kumaulula ganizo limene linazika mizu pakati pathu, loti munthu wolumala ndi munthu wodikira, kuti moyo wake weniweni udzayamba tsiku limene adzayende ngati anzake, ndiponso kuti kukula kwa chikhulupiriro chake kumaonekera pa miyendo yake. Ganizoli lavulaza anthu ambiri kuposa mmene timavomerezera, ndipo silikugwirizana ndi mmene thupi limagwirira ntchito kapena ndi mmene Malemba amafotokozera. Ndi bwino kuyambira pa thupi lenilenilo, popeza ambiri amene amasanjika manja pa mwendo wopuwala sanafunsepo chimene chinachitika mkati mwake.

Poliyo ndi matenda oyamba ndi kachilombo kamene kamalowera pakamwa kudzera m'madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu amene ali nako. Kamaswana m'matumbo, ndipo mwa ana ambiri kamatha popanda chizindikiro chilichonse, kapena mwana amangotentha thupi masiku owerengeka n'kudzuka. Koma mwa munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 200 alionse amene katenga, kachilomboka kamafika pa chingwe cha mitsempha chimene chimadutsa mkati mwa msana, n'kupha maselo amene amatumiza uthenga ku minofu kuti igwedezeke. Selo lotere likafa silimeranso. Minofu imene yasiya kulandira uthenga imafota, mwendo umakula pang'onopang'ono poyerekeza ndi unzake, ndipo ngati mwana sanalandire chithandizo msanga, bondo kapena chiuno chimapindika osawongokanso, msana nawo n'kukhotera mbali imodzi. Chofunika kuchimvetsa ndi zimene kachilomboka sikawononga. Mwendo wopuwala ndi poliyo umamva kutentha, kuzizira ndi ululu ngati mwendo wina uliwonse. Nzeru sizikhudzidwa, ndipo mphamvu yobereka imakhalapo kwa amuna ndi akazi omwe. Kachilomboko kamatha m'thupi pakapita milungu ingapo, kotero munthu wamkulu amene anapuwala ali mwana sakudwala poliyo lero ndipo sangapatsire aliyense. Chimene ali nacho ndi chipsera cha matenda amene anadutsa kalekale.

M'mabanja ambiri mukafunsa chimene chinachitika amakuuzani kuti mwana anatentha thupi, anapita naye kuchipatala, anamubaya jekeseni, ndipo m'mawa mwake mwendo unali utalefuka. Nkhaniyi si yongopeka. Madokotala anazindikira kalekale kuti mwana amene kachilombo ka poliyo kali kale m'thupi mwake akabayidwa jekeseni pamnofu, kupuwala kungathe kugwera mwendo umene wabayidwawo, ndipo palinso ana ena amene jekeseni yobayidwa molakwika pathako inavulaza mtsempha waukulu wa mwendo. Koma zimenezi sizitanthauza kuti katemera ndiye amapuwalitsa ana a m'badwo umenewo. Ambiri mwa iwo anapuwala chifukwa katemerayo sanawafike.

Katemera woyamba wa poliyo, wa Jonas Salk, anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1955, ndipo wodontheza mkamwa wa Albert Sabin anatsatira kumayambiriro a zaka za m'ma 1960, koma panatenga nthawi yaitali kuti afike m'midzi yathu. Mu 1988, pamene mayiko anagwirizana zothetseratu matendawa, ana pafupifupi 350,000 ankapuwala chaka chilichonse m'mayiko 125. Kuno ku Malawi bungwe la Malawi Against Polio linayamba mu 1979 kuthandiza ana opuwala ndi maopaleshoni, zitsulo zochirikiza ndi ndodo, ndipo poliyo atachepa linasintha dzina kukhala Malawi Against Physical Disabilities. Munthu womaliza kupezeka ndi poliyo wachilengedwe m'dziko muno anali wa mu 1992, ndipo mu Ogasiti 2020 dera la Africa linalengezedwa kuti lathana naye. Koma mu Febuluwale 2022 boma linalengeza kuti mwana wamkazi wa zaka 3 ku Lilongwe wapuwala ndi kachilombo kofanana ndi kamene kanali kufala ku Pakistan, ndipo posakhalitsa kanapezekanso ku Tete m'dziko la Mozambique. N'chifukwa chake azaumoyo anayenda khomo ndi khomo kudontheza katemera chaka chimenecho. Zaka zimenezi zikutiuza kuti pafupifupi onse opuwala ndi poliyo m'Malawi ndi anthu akuluakulu tsopano, opitirira zaka 30, ndipo ambiri akulowa mu ukalamba. Iwo ndi gawo chabe la anthu aulumali, amene kalembera wa 2018 anapeza kuti ndi munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 10 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo.

Pamene kachilombo sikanali kudziwika, mudzi unkafuna chifukwa china, ndipo mpaka lero umachifunabe. Ena amati mwana anatsemphedwa chifukwa makolo sanasunge mwambo, ena amati analodzedwa ndi achibale ansanje, ndipo choipitsitsa ndi chija chonena kuti bambo ake anamukhwimira kuti chigayo kapena golosale iyende bwino. Nthawi zambiri mlandu umathera pa mayi, ndipo si zachilendo kumva kuti mwamuna anachoka pakhomo ponena kuti kumtundu kwawo kulibe zoterozo. Chinenero chathu nacho chili ndi mbali ziwiri. Tili ndi mawu akuti chilema, amene amamuika munthu m'gulu limodzi ndi chinthu, chitsa kapena chipika, ndipo n'chifukwa chake eni ake anaumirira kuti tizinena kuti munthu waulumali, munthu patsogolo. Koma makolo omwewo anatisiyiranso mwambi woti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Amene anayamba kunena mwambi umenewu anaona ndi maso mayi wa mwendo wochepa, woti anakwatiwa, anabereka, analera ana, ndipo anafuna kuti anawo adziwe kuti mwendowo sunachotse kanthu pa umayi wake.

Chikhristu chitafika chinapeza funso loti walakwa ndani lili kale m'mitima, ndipo m'malo ambiri chinangolisintha dzina: pamene panali tsempho panabwera tchimo, pamene panali ufiti panabwera temberero la kumtundu. Koma funsoli linafunsidwa kale kwa Yesu mwini. Pa Yohane 9 ophunzira ataona munthu wosaona chibadwire anafunsa ngati anachimwa ndi iye kapena makolo ake, ndipo Yesu anakana zonse ziwiri, nati ntchito za Mulungu zionekere mwa iye. Yankho limeneli linayenera kutseka nkhaniyi mu mpingo mpaka kalekale. Chodabwitsa n'choti timakumbukira thope la m'maso ndi thamanda la Siloamu, koma kukana kuja timakuiwala.

Nkhani ya machiritso ndiyo yovuta kwambiri, ndipo iyenera kukambidwa mwachilungamo, chifukwa Mauthenga Abwino ali ndi anthu opuwala ambiri amene anadzuka n'kuyenda, ndipo Mkhristu sangaletsedwe kupempha chimene mtima wake ukufuna. Ine ndimakhulupirira kuti Mulungu amachiritsa. Koma Malemba omwewo akusonyeza kuti kuchira kwa thupi sikunakhalepo muyeso wa chikhulupiriro. Pa thamanda la Betesida panagona khamu la odwala, osaona ndi opuwala, ndipo Yohane 5 akunena za mmodzi yekha amene anadzutsidwa, amene anadwala zaka 38 ndipo sankadziwa n'komwe dzina la womuchiritsayo. Paulo anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchotsedwe, ndipo pa 2 Akorinto 12 akuti yankho linali loti chisomo chikumukwanira, chifukwa mphamvu ya Mulungu imaonekera bwino mu kufooka. Paulo yemweyo, amene ena anachira pongokhudza nsalu zochokera pathupi pake, anasiya Trofimo akudwala ku Mileto. Yakobo atalimbana usiku wonse pa Penieli analandira dalitso ndi dzina latsopano, koma dzuwa potuluka anachoka akutsimphina, ndipo palibe paliponse pamene timawerenga kuti kutsimphinako kunatha.

Chimene chimachitika pa misonkhano ina ya machiritso n'chosiyana ndi zimenezi. Munthu wopuwala amanyamulidwa kupita kutsogolo, nthawi zina osafunsidwa, amalandidwa ndodo, amadzozedwa mafuta, amakokedwa mikono kuti aimirire pa mwendo umene mitsempha yake inafa zaka 40 zapitazo. Akagwa, mlandu sugwera wolalikira. Amauzidwa kuti akukayika, kapena ali ndi tchimo lobisika, kapena sanapereke chokwanira. Amabwerera kunyumba ndi mwendo womwe uja, koma tsopano atasenzanso manyazi ndi mantha oti Mulungu anamukana. Pali anthu aulumali amene anasiya kupita ku tchalitchi chifukwa cha zoterezi, ndipo sanasiye chifukwa chotaya Mulungu, anangotopa kukhala chionetsero. Joni Eareckson Tada wa ku America, amene anathyoka khosi mu 1967 ali ndi zaka 17 podumphira m'madzi osaya ku Chesapeake Bay, wafotokoza poyera mmene anayendera misonkhano yotere ali mtsikana n'kubwerako ali pa chikuku chomwecho. Mu 1979 anayambitsa bungwe la Joni and Friends, limene lagawa zikuku m'mayiko ambiri osauka, ndipo wakhala wopuwala manja ndi miyendo zaka zoposa 55 akuphunzitsa za Khristu. Wonena kuti mayi ameneyu alibe chikhulupiriro ayenera kutiuza chikhulupiriro chimene akutanthauza.

Mwa anthu onse a m'Baibulo, amene moyo wake ukufanana kwambiri ndi wa mwana wa poliyo ndi Mefiboseti, mwana wa Yonatani. Pa 2 Samueli 4 timawerenga kuti anali ndi zaka 5 pamene mbiri ya imfa ya Sauli ndi Yonatani inafika kuchokera ku Yezireeli, ndipo mlezi wake pothawa naye mwaphuma anamugwetsa, napunduka. Anakulira kutali, ku Lodebara, m'nyumba ya munthu wina, ndipo Davide atamuitanitsa anadzitcha galu wakufa, mawu amene amatuluka mwa munthu amene anauzidwa kwa zaka zambiri kuti sali kanthu. Davide anamubwezera minda ya agogo ake, namupatsa malo pa gome lachifumu ngati mmodzi wa ana a mfumu. Mefiboseti anali ndi mwana wake, Mika, kusonyeza kuti anali munthu wapabanja. Ndipo wolemba nkhaniyi akutseka chaputala 9 ndi mawu oti anakhala ku Yerusalemu, ankadya pa gome la mfumu masiku onse, ndipo anali wopunduka mapazi onse awiri. Ulemu unabwezedwa, chuma chinabwezedwa, mapazi anakhala mmene analili, ndipo wolembayo sanaone kutsutsana kulikonse. Nkhaniyi siikongoletsanso zinthu. Pa chaputala 19 Mefiboseti akudandaula kuti Davide pothawa Abisalomu, iye anafuna kukwera bulu kuti atsatire mfumu, koma mtumiki wake Ziba anamunyenga n'kumusiya, napita kukamunamizira kwa mfumu. Aliyense amene amadalira munthu wina kuti amukweze pa njinga kapena akamutapire ndalama ku banki akudziwa mtundu wa mantha amenewa.

Pali vesi limene sitiyenera kulidumpha, chifukwa olumala eni ake amaliwerenga ndipo limawapweteka. Levitiko 21 akuletsa mwana wa Aroni wopunduka, wosaona kapena wa chiwalo chopitirira kupereka nsembe paguwa, ngakhale akumulola kudya chakudya chopatulika. Mipingo ina yaligwiritsapo ntchito, mwina mosanena, pokana kudzoza anthu aulumali. Koma lamuloli linali la unsembe wa Aroni, umene kalata ya kwa Aheberi ikuti unakwaniritsidwa mwa Khristu, ndipo buku lomwelo la Levitiko, pa chaputala 19, likuletsa kutemberera wogontha ndi kuika chokhumudwitsa patsogolo pa wosaona. Yesu pa Luka 14 analamula kuti pochita phwando tiziitana osauka, opunduka, otsimphina ndi osaona, ndipo m'fanizo la phwando lalikulu iwowa ndiwo anadzaza nyumba, analowa mmene analili. Nancy Eiesland, amene anabadwa ndi vuto la mafupa a m'chiuno ndipo ankaphunzitsa pa yunivesite ya Emory ku Atlanta, anafika patali kuposa apa m'buku lake la 1994 lotchedwa The Disabled God. Iye anati tiyang'ane Yesu woukitsidwa pa Luka 24, amene akudzizindikiritsa kwa ophunzira poonetsa manja ndi mapazi obooledwa. Ngati thupi la ulemerero linasunga zipsera, ndiye kuti thupi lovulala si chinthu chimene Mulungu amachita nacho manyazi.

Maganizo amenewa sanathere m'mabuku. Pa msonkhano waukulu wa World Council of Churches, bungwe la mipingo ya dziko lonse lapansi, umene unachitikira ku Harare mu 1998 panabadwa gulu la akhristu aulumali lotchedwa EDAN, limene kwa zaka zambiri linatsogoleredwa ndi Samuel Kabue wa ku Kenya, munthu wosaona. Chikalata chimene anathandiza kulemba mu 2003 chinasiyanitsa zinthu ziwiri zimene m'Chichewa timazitchula ndi liwu limodzi loti kuchira: kuchotsedwa kwa vuto la m'thupi, ndi kubwezeretsedwa kwa munthu pa ubale wake ndi Mulungu, ndi anthu anzake, ndi iye mwini. Choyambacho chimachitika kwa ena, chachiwiricho chalonjezedwa kwa onse, ndipo mbali yaikulu ya icho ili m'manja mwa mpingo. Abale athu achisilamu ali ndi chiphunzitso chofanana pa mfundo imeneyi. Mtumiki Muhammad anauza wodwala kuti aswali ataimirira, akalephera aswali atakhala, akalepherabe aswali atagona cham'mbali, ndipo Sura 80 ya Qur'an inatsika podzudzula kunyalanyaza munthu wosaona amene anabwera kudzafuna chiphunzitso.

Koma moyo wathunthu sungamangidwe ndi mavesi okha, ndipo apa ndi pamene ife opemphera timakonda kuthawa. Taganizirani za chimbudzi. Mwana amene amakwawa akafuna kudzithandiza pa sukulu ya pulayimale ayenera kuika manja ake pansi pamene ana mazanamazana aponda ndi kunyowetsa, ndipo atsikana ambiri aulumali anasiya sukulu pa chifukwa chokhachi, makamaka atatha msinkhu. Ena amadzimana madzi tsiku lonse kuti asafune kutuluka, zimene zimabweretsa matenda a chikhodzodzo. Taganizirani za minibasi, mmene kondakitala amadutsa munthu wa pa chikuku chifukwa kumukweza kuchedwetsa ulendo, kapena amalipiritsa chikukucho ngati katundu. Zitsulo zochirikiza zimathyoka, malamba amaduka, mphira wa kunsi kwa ndodo amatha, ndipo malo okonzera ndi opangira zinthuzi ali m'mizinda ikuluikulu, kutali ndi kumene anthu ambiri amakhala. Ku Blantyre kuli malo ophunzitsira thupi a Kachere ndi chipatala cha Beit CURE chimene chinatsegulidwa mu 2002 chothandiza ana a mavuto a mafupa, koma wa ku Chitipa kapena ku Nsanje ayenera kuyamba wapeza ndalama ya ulendo ya anthu awiri. Pa Marko 2 anthu anayi ananyamula mnzawo wopuwala, ndipo atapeza khomo latsekeka ndi khamu anasasula denga. Marko akuti Yesu anaona chikhulupiriro chawo, ndipo chimene anaona chinali thukuta, chingwe ndi denga la mwini wake lobooledwa, limene wina anayenera kulikonza mawa lake.

Malamulo alipo. Bungwe la boma lothandiza anthu aulumali la MACOHA linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1971, ndipo linaphunzitsa anthu ambiri ntchito zamanja ku Magomero ndi ku fakitale yowomba nsalu ya ku Bangwe. Mabungwe a anthu aulumali anagwirizana n'kupanga FEDOMA mu 1999, dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, lamulo la ulumali linabwera mu 2012, ndipo mu 2024 linalowedwa m'malo ndi latsopano limene linasintha MACOHA kukhala MACODA. Kusintha kumeneku sikunagwe kumwamba, kunabwera chifukwa eni ake analankhula, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mmodzi mwa iwo anali Rachel Kachaje, amene anapuwala ndi poliyo ali ndi zaka 3, anagwira ntchito ku National Bank of Malawi, anali mmodzi mwa oyambitsa FEDOMA, ndipo mu 2013 anasankhidwa kukhala nduna yoona za anthu aulumali ndi okalamba. Anamwalira mu 2020. N'zomvetsa chisoni kuti pa nkhani yomanga polowera pa zikuku, masitolo ena ndi mabanki atsogola, ndipo matchalitchi atsopano, ena a ndalama zambiri, akumangidwabe ndi masitepe ataliatali chifukwa amaoneka aulemu.

Nkhani ya banja imakambidwa monong'ona. Mwamuna wolumala amene ali ndi ntchito kawirikawiri amapeza mkazi, ngakhale akuchikazi angayambe akana. Kwa mkazi zinthu n'zolimba kwambiri: achibale a mwamuna amafunsa amene adzatunge madzi ndi kusinja, amuna ena amabwera usiku koma masana safuna kuyenda naye, ndipo akatenga pakati amamva ngakhale kusikelo mawu omufunsa kuti anachitiranji zimenezi mmene alilimo. Mpingo umene umaphunzitsa chilangizo kwa atsikana ena onse n'kudumpha wa pa chikuku, poganiza kuti iye za banja sizimukhudza, umamusiya wopanda chitetezo pamaso pa anthu amene amamudyera masuku pamutu.

Pali mtolo wina umene timawasenzetsa mosadziwa, ndiwo wofuna kuti munthu wolumala azioneka wosangalala nthawi zonse kuti ife tilimbikitsidwe. Timamuitana kuti apereke umboni, koma umboni umene tikufuna ndi woti sadandaula. Masalimo sakutero. Salimo 88 limayamba ndi kulira ndipo limathera mu mdima popanda mawu achitonthozo, komabe linaikidwa m'buku la nyimbo za anthu a Mulungu. Munthu angathe kuvomereza thupi lake, kukonda moyo wake, ndipo tsiku lina n'kulira chifukwa wagwa m'bafa kapena chifukwa sanathe kunyamula nawo bokosi la mayi ake. Chikhulupiriro chokhwima chili ndi malo a zonsezi, ndipo mnzake weniweni ndi amene angamve dandaulo lotere osathamangira kulitseka ndi vesi.

Kulira kumeneku kumabweranso mwatsopano pa ukalamba, ndipo apa pali chinthu chimene anthu ambiri opuwala ndi poliyo sanauzidwepo. Matenda atadutsa ali ana, maselo a mitsempha amene anapulumuka anaphuka nthambi zatsopano n'kutenga ntchito ya amene anafa, kotero selo limodzi linayamba kuyendetsa minofu yochuluka kuposa imene linalengedwera. Ndi mmene ana ambiri anapezeranso mphamvu pang'ono m'miyezi yotsatira. Koma pakapita zaka 15 mpaka 40 nthambi zimenezi zimayamba kutopa, ndipo mwa opulumuka 25 mpaka 40 pa 100 alionse pamabwera kufooka kwatsopano, kutopa kosaneneka, kuphwanya kwa minofu ndi kusapirira kuzizira, nthawi zina ngakhale pa mwendo umene unkaoneka wabwino. Kachilombo sikanabwerere, ndipo si kulodzedwa kachiwiri. Pamwamba pa izi, mapewa ndi mikono imene yagwira ntchito ya miyendo kwa zaka makumi ambiri imaperepeseka. Malangizo a madokotala pa nthawi imeneyi amatsutsana ndi zonse zimene munthuyo anaphunzira ali mwana. Anakula akuuzidwa kuti alimbikire, asagonje, ayende ngakhale zikupweteka, ndipo tsopano akuuzidwa kuti apume pafupipafupi, achepetse mtunda, asamale kulemera kwa thupi, ndipo avomere chikuku mapewa asanatheretu.

Bambo a mu mpingo wathu aja anafika pamenepa zaka zingapo zapitazo. Phewa lamanja linayamba kuwadzutsa usiku, ndipo masitepe anayi aja ankawakwera mopuma kawiri. Atauzidwa kuchipatala kuti ayambe kugwiritsa ntchito chikuku anakana kwa nthawi yaitali, ndipo anandiuza tsiku lina tikuwerenga chopereka kuti chimene chinkawavuta si chikukucho. Mayi awo anawabereka kumsana mpaka atakula, anayenda nawo maulendo ataliatali kuti apeze zitsulo zoyamba, ndipo tsiku limene anaima okha mayiwo anagwada pabwalo n'kuthokoza Mulungu. Kukhala pa chikuku kunkaoneka kwa iwo ngati kubweza mphatso imeneyo. Anati chimene chinawamasula ndi kuzindikira kuti mayi awo sankapempherera ndodo, ankapempherera kuti mwana wawo afike kumene ana ena akufika, ndipo chikuku chikuwafikitsa komweko.

Akuluakulu a mpingo anakambirana za polowera pa chikuku pa misonkhano itatu. Ena anati achinyamata alipo, aziwanyamula, ndipo bambowa anayankha modekha kuti iwo ndi mutu wa banja, ndipo safuna kulowa m'nyumba ya Mulungu atanyamulidwa ngati thumba la chimanga pamaso pa ana awo. Simenti inagulidwa, ndipo ndalama yake anailemba okha m'kaundula ndi dzanja lawo. Mmisiri anayamba wamanga mtsetse wa chikukuwo motsetsereka kwambiri moti chikuku chikanagudubuka chagada, ndipo anaugumula n'kuutalikitsa atamvera mwini wake wodzaugwiritsa ntchito. Tsopano polowera pamenepo pamadutsanso agogo awiri a ndodo, amayi oyembekezera, ndi mnyamata wina wovulala msana pa ngozi ya kabaza amene kwa chaka chathunthu sankabwera ku mapemphero. Kuguwa kukadali masitepe awiri, kotero tsiku la lipoti la zachuma bambowa amaimika chikuku chawo pansi, kutsogolo kwa benchi yoyamba, wachinyamata amawatsitsira maikolofoni, ndipo amatsegula kaundula pa maondo n'kuyamba kuwerenga.